Mankhwala Ophera Udzu: Zimene Maboma Apeza ndi Zimene Banja Lingachite

Mvula yoyamba ikangogwa, chimanga ndi udzu zimamera pamodzi, ndipo nthawi zambiri udzu ndi umene umatsogola. Kale tinkalimbana nawo ndi khasu basi, kulawira mbandakucha, ena n'kumasakasaka ndalama yolipira aganyu. Masiku ano m'midzi yambiri ya ku Malawi ndi ku Zambia tikuona alimi atabereka sipuleya kumsana. Botolo limodzi la mankhwala likumaliza ntchito imene ikanatengera banja lonse masiku ambiri. Agogo amene msana unawakana, kapena mayi wamasiye amene alibe womuthandiza kupalira, sitingawadzudzule posankha njira imeneyi.

Mankhwala ophera udzu amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri padziko lonse ndi glyphosate. Ambiri timawadziwa ndi dzina lamalonda lakuti Roundup, ngakhale kuti tsopano makampani ambiri amawagulitsa ndi mayina ena. Kwa zaka zoposa khumi, boma la America lakhala likufufuza ngati mankhwalawa amawononga thanzi la munthu ndi chilengedwe. Mayiko a ku Ulaya ndi mabungwe a United Nations achitanso chimodzimodzi. Mayankho awo safanana pa zonse. Koma tikawaika pamodzi, akuloza munthu mmodzi amene tiyenera kumusamala kwambiri, ndiye wogwira sipuleya. Kwathu kuno munthu ameneyo kawirikawiri amakhala bambo wa m'nyumba, mayi, kapenanso mwana wasukulu amene watumidwa kumunda.

Anachokera kuti, nanga amapha bwanji udzu?

Mphamvu ya glyphosate yopha zomera inatulukiridwa mu 1970 ndi katswiri wina wa kampani ya Monsanto ku America, dzina lake John Franz. Mu 1974 kampaniyo inayamba kugulitsa Roundup. Mankhwalawa sasankha. Akagwera pa masamba obiriwira amalowa m'kati mwa chomera n'kutsika mpaka kumizu, ndipo amatseka njira imene chomeracho chimapangira zina mwa zomanga thupi lake. Pakapita sabata imodzi kapena awiri, chomeracho chimachita chikasu n'kuuma. N'chifukwa chake amatha kugonjetsa udzu wovuta monga kapinga, umene khasu limangoudula pamwamba n'kuphukanso.

Njira imene mankhwalawa amatsekayo imapezeka mu zomera, mu bowa ndi mu mabakiteriya ambiri, koma mulibe m'thupi la munthu kapena la nyama. Mfundo imeneyi ndi imene inachititsa kuti kwa nthawi yaitali anthu aziwaona ngati mankhwala ofatsa poyerekeza ndi ena.

Zinthu zinasintha kwambiri mu 1996, pamene ku America kunabwera mbewu ya soya yosinthidwa chibadwa kuti isamafe ikathiridwa Roundup. Pambuyo pake kunabwera thonje ndi chimanga za mtundu womwewo. Mlimi ankatha kupopera munda wonse mbewu zili momwemo, udzu wokha n'kufa. Mu 2000 chilolezo choteteza malonda a Monsanto ku America chinatha, makampani ena anayamba kupanga, ndipo mtengo unatsika. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2016 anawerengera kuti kuchokera mu 1974, dziko lapansi linali litathira makilogalamu pafupifupi 8.6 biliyoni a glyphosate. Mankhwala ochuluka chonchi, ngakhale atakhala ndi vuto laling'ono, vutolo limakhudza anthu osawerengeka.

Chenjezo lochokera ku Lyon

Mu Malichi 2015, nthambi ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO yofufuza za khansa, yotchedwa IARC, imene likulu lake lili mumzinda wa Lyon ku France, inalengeza kuti glyphosate mwina amayambitsa khansa mwa anthu. Inawaika m'gulu lotchedwa 2A. Akatswiri ake anati umboni wochokera kwa nyama zoyeserera ndi wokwanira, pamene umboni wochokera kwa anthu ulipo koma ndi wochepa. Khansa imene inatchulidwa ndi non-Hodgkin lymphoma, yomwe imagwira maselo oyera a magazi ndipo nthawi zambiri imaonekera ndi kutupa kwa mwanabere m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche.

Ndi bwino kudziwa kuti magulu a IARC amasonyeza kulimba kwa umboni wakuti chinthu chingayambitse khansa. Sanena kuchuluka kwa anthu amene angadwale. M'gulu lomwelo la 2A, bungweli linaikamonso nyama yofiira monga ya ng'ombe ndi ya nkhumba, kugwira ntchito usiku mosinthanasinthana, ndi kumwa zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65. Nyama yokonzedwa m'mafakitale monga masoseji inaikidwa m'gulu 1, limene umboni wake ndi wotsimikizika.

Patangopita miyezi yochepa, mu Novembala 2015, bungwe loona za chitetezo cha chakudya m'mayiko a European Union, lotchedwa EFSA, linanena kuti n'zokayikitsa kuti glyphosate angayambitse khansa. Mu Meyi 2016, msonkhano wa akatswiri a WHO ndi FAO woona za zotsalira za mankhwala m'zakudya unati n'zokayikitsa kuti munthu angadwale khansa chifukwa cha glyphosate wopezeka m'chakudya.

Kafukufuku wa boma la America

Lamulo la ku America limafuna kuti mankhwala alionse a zaulimi aziunikidwanso pa zaka 15 zilizonse. Ntchitoyi imagwiridwa ndi nthambi ya boma yoteteza chilengedwe, Environmental Protection Agency, imene mwachidule imatchedwa EPA. Kuunikanso glyphosate kunayamba mu 2009. Mu Disembala 2017 EPA inatulutsa zotsatira zoyamba, ndipo mu Januwale 2020 inapereka chigamulo chongoyembekezera. Inati glyphosate sakuoneka kuti angayambitse khansa mwa anthu, ndipo palibe chodetsa nkhawa pa thanzi la munthu ngati mankhwalawo agwiritsidwa ntchito motsatira malangizo olembedwa pa botolo. Pa za chilengedwe inavomereza kuti chiopsezo chilipo, makamaka kwa zomera zina zimene mankhwala angazifikire akauluzika ndi mphepo, ndipo inalamula kuti malangizo a kapoperedwe akhwimitsidwe.

Umboni umodzi waukulu pa nkhaniyi unachokera ku kafukufuku wina wa boma lomwelo, wotchedwa Agricultural Health Study. Kuyambira mu 1993, akatswiri a bungwe la National Cancer Institute ndi anzawo akhala akutsata umoyo wa alimi ndi anthu opopera mankhwala m'zigawo za Iowa ndi North Carolina. Mu lipoti la 2018, lokhudza anthu oposa 54,000, sanapeze kugwirizana pakati pa glyphosate ndi non-Hodgkin lymphoma. Anaona kachizindikiro kochepa ka khansa ina ya m'magazi mwa amene anagwiritsa ntchito mankhwalawa kwambiri, koma chiwerengero chake chinali chosakwanira kutsimikizira kanthu.

Chaka chotsatira, mu 2019, akatswiri a m'mayunivesite a California ku Berkeley ndi Washington anaphatikiza zotsatira za kafukufuku osiyanasiyana, kuphatikizapo wa ku Iowa uja, n'kuyang'ana anthu okhawo amene anakhudzana ndi mankhwalawa kwambiri. Iwo anapeza kuti chiopsezo cha non-Hodgkin lymphoma chinali chokwera ndi 41 peresenti. Chiwerengerochi chimveke bwino. Ku America, pafupifupi anthu awiri mwa 100 alionse amadwala khansa imeneyi pa moyo wawo. Kukwera ndi 41 peresenti kukutanthauza kuti mwa opopera kwambiri angakhale pafupifupi atatu mwa 100. Kusiyanako n'kochepa, koma pa banja limene wachitatuyo akuchokera, ndi nkhani ya maliro.

Akusiyana chifukwa chiyani?

Munthu wamba angadabwe kuti akatswiri ophunzira bwino akutsutsana chonchi pa mankhwala amodzimodzi. Chifukwa choyamba n'chakuti akuyankha mafunso awiri osiyana. Tiyerekeze ndi ng'ona. Tikafunsa ngati ng'ona ingaphe munthu, yankho ndi inde. Tikafunsa ngati munthu wakutiwakuti ali pachiopsezo chogwidwa ndi ng'ona, tiyenera kudziwa kaye kumene amakhala. Wokhala pamwamba pa phiri la Dedza angagone mtima uli m'malo, pamene msodzi wa mumtsinje wa Shire ayenera kukhala tcheru tsiku lililonse. IARC imayankha funso loyambalo. EPA ndi EFSA zimayankha lachiwiri, ndipo zimawerengera mlingo wa mankhwala umene munthu wotsatira malangizo angakumane nawo.

Chifukwa chachiwiri ndi umboni umene amagwiritsa ntchito. IARC imadalira kafukufuku amene anafalitsidwa poyera, woti aliyense angamuwerenge. Mabungwe a boma amalandiranso kafukufuku wochuluka wochitidwa ndi makampani opanga mankhwalawo, chifukwa lamulo limawakakamiza kutero pofuna chilolezo. Ena amati kafukufuku wa makampaniyu amatsatira miyezo yokhwima, ena amati mwini malonda sangadziyese yekha mopanda kukondera.

Chifukwa chachitatu n'chakuti m'botolo mulibe glyphosate yekha. Amasakanizidwa ndi zinthu zina zothandiza kuti amatirire pa tsamba ndi kulowa m'kati. Mabungwe a boma amaunika kwambiri glyphosate payekha, pamene mlimi amakhudzana ndi zosakaniza zonse. Chimodzi mwa zosakanizazo, chotchedwa POEA, chinapezeka kuti m'mayeso ambiri ndi choopsa kuposa glyphosate weniweniyo, ndipo mu 2016 mayiko a European Union analetsa kuchisakaniza ndi glyphosate.

Nkhani ifika kukhoti

Mu 2018 kampani ya Bayer ya ku Germany inagula Monsanto pa mtengo wa madola 63 biliyoni. Mu Ogasiti chaka chomwecho, khoti la ku San Francisco linagamula mokomera Dewayne Johnson, yemwe ankasamalira mabwalo a sukulu ku California ndipo ankapopera mankhwalawa kawirikawiri asanadwale non-Hodgkin lymphoma. Poyamba anamupatsa chipukutamisozi cha madola 289 miliyoni, koma makhoti anachichepetsa mpaka pafupifupi madola 20 miliyoni. Milandu inachuluka kufika zikwizikwi, ndipo mu Juni 2020 Bayer inavomera kupatula ndalama zoposa madola 10 biliyoni kuti ithetse yambiri mwa iyo, ngakhale sinavomere kulakwa. Milandu ina kampaniyi yapambana, ina yagonja. Tizikumbukira kuti chigamulo cha khoti pa mlandu wa munthu mmodzi sichilowa m'malo mwa kafukufuku wa sayansi.

Mlandu wofunika kwambiri pa nkhani yathu ndi umene mabungwe a ogwira ntchito m'minda ndi oteteza chilengedwe anasumira EPA yeniyeniyo. Mu Juni 2022, khoti la apilo la Ninth Circuit linagamula kuti EPA sinapereke umboni wokwanira pa mawu ake akuti glyphosate sangayambitse khansa, ndipo sinatsatire bwino ndondomeko zake zomwe zounikira khansa. Khotilo silinanene kuti mankhwalawa amayambitsa khansa. Linangobwezera EPA ntchito yake kuti ikaikonzenso. Mu Sepitembala 2022 EPA inachotsa chigamulo chake chongoyembekezera chija, koma inanena kuti maganizo ake pa za khansa sanasinthe, ndipo mankhwalawo anapitiriza kugulitsidwa.

Ku Ulaya, mu Novembala 2023, chilolezo cha glyphosate chinawonjezeredwa ndi zaka khumi, mayiko atalephera kumvana pa mavoti. Anaikapo malire ena, monga kuletsa kupopera mbewu zokhwima n'cholinga choti ziume msanga zisanakololedwe. Bungwe lawo loona za mankhwala la ECHA silinaike glyphosate m'gulu la zoyambitsa khansa, koma linatsimikiza zinthu ziwiri: amatha kuvulaza maso kwambiri, ndipo ndi poizoni kwa zamoyo za m'madzi.

Madzi, achule, njuchi ndi agulugufe

Pa za chilengedwe, mabungwe sakutsutsana kwambiri. Mu Novembala 2021 EPA inamaliza kuunika momwe glyphosate angakhudzire zomera ndi nyama zimene zili pangozi yotha ku America. Inapeza kuti angathe kuvulaza 93 peresenti ya mitundu imene inaunikidwa. Mawu amenewa sakutanthauza kuti mitundu yonseyo itha. Pa muyezo wawo, ngakhale chamoyo chimodzi chokha cha mtunduwo chitakhala kuti chingavulale, mtunduwo umawerengedwa. Komabe chiwerengerochi chikusonyeza kuti mankhwalawa amafika patali, makamaka pakupha zomera zimene zamoyo zina zimadya kapena kubisalamo.

Chitsanzo chodziwika ndi gulugufe wotchedwa monarch, amene chaka ndi chaka amauluka ulendo wautali pakati pa Canada, America ndi Mexico. Mbozi zake zimadya chomera chimodzi chokha chotchedwa milkweed, chomwe kale chinkamera chambiri m'minda ya chimanga ndi soya. Minda itayamba kupoperedwa yonse, chomeracho chinasowa m'mindamo, ndipo akatswiri ambiri amati ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene agulugufewo achepera.

Glyphosate akagwera pansi amamatirira ku dothi, ndipo tizilombo ta m'nthaka timamuphwanya pakapita masiku ochepa kapena miyezi ingapo, malinga ndi nthaka ndi nyengo. Koma dothi likakokoloka, mankhwala amapita nalo. Bungwe la boma la America loyeza madzi ndi nthaka, US Geological Survey, linapeza glyphosate m'mitsinje ngakhalenso m'madzi a mvula m'madera aulimi a Mississippi ndi Iowa. Mu 2005, kafukufuku wa pa yunivesite ya Pittsburgh anasonyeza kuti Roundup wokhala ndi POEA amapha mbululu zambiri. Mu 2018, akatswiri a yunivesite ya Texas ku Austin anapeza kuti glyphosate amasokoneza mabakiteriya abwino a m'matumbo a njuchi, ndipo njuchizo zimagwidwa matenda mosavuta. Aliyense wolima maungu, mpendadzuwa kapena mapeyala akudziwa kuti popanda njuchi zokolola zimachepa.

Udzu nawo suli chete. Kuyambira mu 1996, pamene ku Australia kunapezeka udzu woyamba wosamva glyphosate, mitundu yambiri yatulukira m'mayiko osiyanasiyana. Wosautsa kwambiri alimi a thonje kumwera kwa America ndi Palmer amaranth, m'bale wake wa bonongwe wathu. M'madera ena alimi anafika polembanso aganyu ozula ndi manja. Kuthira mankhwala amodzimodzi chaka ndi chaka kumapha udzu wofooka n'kusiya wolimba kuti ubereke.

Nanga m'chakudya chathu?

Mu 2022, bungwe la boma la America loona za matenda la CDC linatulutsa zotsatira za mikodzo imene linatenga kwa ana ndi akulu mu 2013 ndi 2014. Mwa zitsanzo 2,310, glyphosate anapezeka mu 1,885, kutanthauza anthu oposa 80 mwa 100 alionse. Kupezeka kwa mankhwala m'mkodzo kukusonyeza kuti munthu anakumana nawo posachedwa ndipo thupi likuwatulutsa. Pakokha sikunena kuti munthuyo adwala. Bungwe lawo loona za zakudya la FDA litayamba kuyeza glyphosate mu 2016, linamupeza m'chimanga ndi soya pa mlingo wosapitirira malire a lamulo, ndipo silinamupeze mu mkaka ndi mazira. Zotsalira zimakonda kupezeka kwambiri mu mbewu zimene zapoperedwa kukolola kutayandikira, monga momwe alimi ena a m'mayiko ozizira amachitira ndi tirigu ndi oats.

Kwa ife amene chakudya chathu chimadalira kwambiri za kumunda, pali ngozi ina yofunika kuipewa, ndiyo kuchita mantha mpaka kuchepetsa masamba, nyemba, zipatso ndi mbewu zosakonola. Kafukufuku wa Adventist Health Study-2, amene yunivesite ya Loma Linda inayamba mu 2002 pa anthu a mpingo wathu pafupifupi 96,000 ku America ndi Canada, anapeza kuti odya za kumunda amadwala mochepa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi.  Ubwino wa chakudya cha kumunda ndi wotsimikizika, ndipo umaposa kutali chiopsezo cha zotsalira zochepazo. Kutsuka masamba ndi zipatso ndi madzi oyera kumachotsa fumbi, majeremusi ndi zina za pamwamba, ngakhale sikungachotse zimene zinalowa m'kati mwa chomera.

Pamene nkhaniyi ikutikhudza kwathu

Mawu alionse olimbikitsa ochokera ku EPA ndi ku Ulaya ali ndi chingwe chake: ngati malangizo atsatidwa. Munthu amene akatswiriwo amamuganizira powerengera amadziwa kuwerenga lebulo, amayeza mlingo molondola, amavala zovala zophimba thupi ndi nsapato, ndipo amasamba akamaliza. Alimi ambiri a ku Iowa amapopera ali pa thirakitala.

Tikayang'ana m'minda yathu tikuona zina. Sipuleya yakumsana ikudontha, malaya anyowa mpaka m'chiuno. Wopopera ali ndi kabudula ndi patapata, akuyenda m'udzu umene wangouthira kumene. Kamlomo ka sipuleya kakatsekeka, amakapemerera ndi pakamwa. Mankhwala ena amagulidwa pamsika atathiridwa m'mabotolo a zakumwa, opanda dzina kapena malangizo. Lebulo ikakhalapo, nthawi zambiri imakhala m'Chingerezi cha zilembo zing'onozing'ono. Chigubu chikatha, chimasanduka chotungira madzi kapena chosungira mafuta ophikira. Munthu wotere ndi msodzi wa mu Shire uja, ndipo mawu olimbikitsa aja sakumukhudza.

Palinso kutaya kwina kumene alimi a ku America sakudziwa. Zambiri zimene mabuku amazitcha udzu, kwa ife ndi ndiwo. Bonongwe, chisoso, luni ndi denje zimamera zokha m'munda, ndipo zimapulumutsa mabanja m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe zapepuka. Amayi amafutsa zina kusungira chilimwe. Masamba amenewa ali ndi ayironi ndi vitamini A, zofunika kwambiri kwa ana ndi amayi oyembekezera. Glyphosate sasiyanitsa kapinga ndi bonongwe, ndipo akauluzika amawotcha maungu, nyemba ndi khobwe za m'munda wathu kapena wa mnansi. Choopsa china n'chakuti chomera chopoperedwa chimakhalabe chobiriwira kwa masiku angapo, choncho mwana kapena mayi wodutsa angathyole ndiwo osadziwa kanthu.

Tisaiwale kuti mankhwalawa ali ndi ubwino wake. Mu ulimi wa mleranthaka, umene alangizi amalimbikitsa ku Malawi ndi ku Zambia, kusagalauza nthaka kumasunga chinyezi ndi kuchepetsa kukokoloka, ndipo alimi ambiri amadalira mankhwala kuti agonjetse udzu m'zaka zoyamba. Dziko la Sri Lanka litaletsa glyphosate mu 2015, alimi a tiyi anadandaula kwambiri, ndipo mu 2018 boma linalolanso kuti azigwiritsidwa ntchito m'minda ya tiyi ndi labala. Kuletsa popanda njira ina kungachititse alimi kutembenukira ku mankhwala oopsa kwambiri monga paraquat, amene kumwa pang'ono chabe kumapha.

Zimene banja lingachite nyengo ino

Choyamba ndi kudzifunsa ngati mankhwala akufunikadi. Pabwalo la nyumba, pa tchalitchi, pa sukulu ndi m'dimba la masamba, khasu, chikwakwa ndi manja n'zokwanira, ndipo awa ndi malo amene ana amasewera osavala nsapato. Kumunda waukulu, kuphimbira nthaka ndi mapesi, kubzala nandolo, khobwe kapena maungu pakati pa chimanga, kasinthasintha wa mbewu, ndi kupalira msanga udzu usanabereke, zimachepetsa udzu chaka ndi chaka.

Ngati taganiza zopopera, tigule kwa wogulitsa wovomerezeka, m'botolo lake lenileni losatsegulidwa. Ku Malawi mankhwala a zaulimi amavomerezedwa ndi Pesticides Control Board, ndipo ku Zambia ndi bungwe la ZEMA. Malangizo akativuta, tipite nalo botolo kwa alangizi a zaulimi. Paja safunsa anadya phula. Mlingo ukhale umene walembedwa. Tisungunulire ndi madzi oyera, chifukwa madzi amatope amafoola glyphosate, ndipo izi n'zimene zimachititsa ena kuwonjezera mlingo poganiza kuti mankhwala ndi achabe. Tisasakanizire kapena kusungira mu ndowa za malata, popeza mankhwalawa amadyana ndi chitsulocho n'kutulutsa mpweya woyaka.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi yotsanula ndi kusakaniza, pamene mankhwala ali osasungunula. Apa m'pofunika magolovesi a labala ndi chotchinga maso. Popopera tivale malaya a manja aatali, thalauza ndi jombo, thalauza likhale kunja kwa jombo. Sipuleya tiyambe taiyesa ndi madzi okha kuti tione ngati ikudontha. Tipopere kukakhala bata, mvula isanayandikire, ndipo titalikire chitsime, mjigo, dambo ndi mtsinje. Pogwira ntchitoyi tisadye kapena kumwa kanthu. Tikamaliza tisambe thupi lonse ndi sopo tisananyamule mwana kapena kugwira chakudya, ndipo zovalazo zichapidwe pazokha. Ana, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa asapatsidwe ntchito imeneyi.

Tiwauze a m'nyumba ndi anansi kuti munda wapoperedwa, ndipo tiikepo chizindikiro kuti wina asathyolemo ndiwo kapena kumangiriramo mbuzi. Ngati talemba waganyu, kumupatsa zodzitetezera ndi udindo wathu. Sichilungamo kusunga thanzi lathu poika pachiswe thanzi la m'bale amene njala yamukakamiza kuvomera ntchito iliyonse.

Botolo likatha tilitsukuluze katatu, madzi otsukirawo tithire mu sipuleya, kenaka tilibowole kuti wina asalitole n'kusungiramo chakudya. Mankhwala otsala akhale pamalo otsekedwa ndi loko, kutali ndi ufa ndi ana, komanso kutali ndi aliyense wa m'banja amene akudutsa m'nyengo ya kusweka mtima. Akagwera m'maso, titsuke ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15. Munthu akamwa, tisamusanzitse. Tithamangire naye kuchipatala titanyamula botololo kuti adokotala aone chimene wamwa. Ndipo amene wakhala akupopera kwa zaka zambiri akaona mwanabere wosapweteka amene sakuphwa, kutuluka thukuta kwambiri usiku, kutentha thupi kosadziwika chifukwa chake kapena kuonda, akapimitse msanga. Zizindikirozi zimabweranso ndi matenda ena monga chifuwa chachikulu, ndipo ambiri mwa matendawa amachizika bwino akapezeka msanga.

Malemba amatiphunzitsa kuti ntchito yoyamba imene Mlengi anapatsa munthu inali yolima munda ndi kuusunga, ndiponso kuti matupi athu ndi ake. Maboma apitiriza kufufuza, makhoti apitiriza kumva milandu, ndipo mwina padzapita zaka akatswiri asanamvane pa nkhani ya khansa. Banja lachikhristu lisadikire tsiku limenelo. Magolovesi, jombo ndi sopo n'zotsika mtengo poyerekeza ndi ulendo umodzi wokalandira chithandizo cha khansa ku Lilongwe, Blantyre kapena Lusaka. Tisanagule botolo la chaka chino, tikhale pansi monga banja, tigwirizane malo amene sitidzapopera konse, amene adzagwire sipuleya, ndi kumene mankhwala adzasungidwe.